Mafunso a Owerenga: Mwana Wayamba Phala, Chimbudzi Chasintha

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza chimbudzi cha makanda amene angoyamba kumene kudya zakudya zoonjezera pa mkaka wa m'mawere. Tasankhapo asanu ndi kuwafupikitsa pang'ono, ndipo mayina a olemba sitinawasindikize.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 7. Ndinamuyamwitsa mwakathithi mpaka atakwanitsa miyezi 6 monga anatilangizira kusikelo, kenako ndinayamba kumuphikira phala la ufa woyera wa chimanga wa breakfast, masiku ena kasitadi, ndipo amadya bwino ndithu. Kale ankachita chimbudzi kawiri kapena katatu patsiku, koma tsopano amatha masiku atatu osachita, ndipo akamachita amalira, amapinda msana, n'kutulutsa timibulu touma ngati ta mbuzi. Apongozi anga akuti ndisongole kachidutswa ka sopo ndimuike kotulukira chimbudzi, poti ndi mmene analerera ana awo onse. Kodi ndichite zimenezi, kapena ndiyambe ndasiya phalalo? (Mayi wa ku Mtendere, Lusaka)

YANKHO: Mayi, sopo musamuike, ndiponso phala musasiye. Zimene mwafotokozazi ndi kudzimbidwa kwenikweni, ndipo chatichititsa kutero si masiku atatu amene mwawerengawo ayi, koma timibulu toumato pamodzi ndi kulira kwa mwanayo. Makolo ambiri amatanganidwa ndi kuwerenga masiku, chonsecho ana amasiyana kwambiri. Pa msinkhu uwu ambiri amachita chimbudzi kamodzi kapena kawiri patsiku, koma alipo ena athanzi labwino amene amadumphitsa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo malinga ngati chimbudzicho chikutuluka chofewa, mwana akudya ndi kusewera, komanso mzere wa pakhadi lake la kusikelo ukukwera, palibe chodetsa nkhawa. Mwana amene amachita tsiku lililonse koma chouma ndi chopweteka ndiye wodzimbidwa, osati amene amatha masiku atatu n'kutulutsa chofewa popanda vuto.

Mkaka wa m'mawere mbali yake yaikulu ndi madzi, pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse, ndipo uli ndi mitundu ina ya shuga imene imafewetsa chimbudzi. Phala likayamba kulowa, mwana amakhuta n'kuchepetsa kuyamwa, motero madzi olowa m'thupi amachepa pa nthawi yomweyo imene matumbo apatsidwa ntchito yachilendo. Matumbo aakulu ntchito yawo ndi kuchotsa madzi m'zotsalira za chakudya, choncho zotsalirazo zikakhalitsa m'menemo zimangoumirauma. Chimbudzi chouma chimapweteka potuluka, mwana amakumbukira ululuwo, ndipo ulendo wotsatira amaumitsa thupi, amawongola miyendo ndi kupanikiza matako kuti chisatuluke. Kupinda msana kumene mwaonako nthawi zambiri si kukankha ayi, koma kukaniza, ndipo akamakaniza chimbudzicho chimauma koposa kale. N'chifukwa chake sitikufuna kuti mudikire milungu yambiri musanachitepo kanthu.

Poyambira pake ndi m'mbale ya mwanayo. Ufa wa breakfast umayera bwino chifukwa pogaya amachotsamo madeya ndi mtima wa chimanga, pamene kasitadi wa m'sitolo ndi sitachi wothiramo mtundu ndi fungo basi. Zakudya ziwirizi zili ndi tochepa kwambiri mwa tinthu tosagayika timene timapezeka m'madeya, m'masamba ndi m'zipatso, tomwe timasunga madzi m'chimbudzi kuti chikhale chofewa. Kunena zoona, kasitadi amapatsidwa ulemu womuposa m'makomo ambiri mu Lusaka muno, mwina chifukwa ndi wogula ndipo amaoneka wapamwamba, koma mwana sapezamo zambiri zomanga thupi. Yesani phala la roller meal (ufa wa chimanga wosachotsedwa madeya onse) kapena la mgaiwa wosefa bwino, muliphike mpaka lipse kwenikweni, ndipo likhale lolimbirako moti lisamayenderere pa supuni. Muzithiramo supuni ya nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta ophikira, ndipo masiku ena nkhwani kapena kholowa wophika n'kusinja. Mtedza wa nsinjirozo muziusankha nokha, kutaya wonse wofota ndi wachuku.

Pa zipatso, papaya wakupsa bwino ndiye timamuika patsogolo chifukwa ndi wofewa, ali ndi madzi ambiri, ndipo pamsika wa Soweto kapena pa timisika ta m'makomboni sasowa kawirikawiri. Mango m'nyengo yake, mapeyala amene ambiri kuno timati kotapela, maungu, mbatata yofiira m'kati, therere, ndi nyemba zophika mpaka kuphwanyika n'kuzinyenya, zonsezi zimathandiza. Zipatso zouma zotchedwa ma prunes: a m'masitolo akuluakulu ali ndi shuga wotchedwa sorbitol amene amakokera madzi m'matumbo, ndipo amagwiradi ntchito mukawaphika ndi kuwanyenya, koma musadzivutitse nawo ngati thumba silikulola. Nthochi yakupsa bwino ilibe mlandu, koma yosapsetsa ndi mpunga woyera muziyambe mwazipumitsa. Musamuthire zonsezi tsiku limodzi. Onjezerani chimodzichimodzi kuti muone mmene m'mimba mwake mukulandirira.

Muonenso kuchuluka kwa chakudyacho. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa miyezi 6 mpaka 8 azidya kawiri kapena katatu patsiku, kuyambira masupuni aakulu awiri kapena atatu n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu, uku akuyamwabe nthawi iliyonse imene wafuna. Pa miyezi 7 bere likadali chakudya chake chachikulu, choncho ngati phala lalanda malo a bere, bwezerani kuyamwitsa pafupipafupi, usana ndi usiku womwe.

Madzi akumwa tsopano ndi ololedwa, popeza wadutsa miyezi 6. Muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi kapu akamaliza kudya, kuyambira theka la kapu patsiku, ndipo m'masiku otentha a Okutobala mukhoza kufika pa kapu imodzi, osapitirira, kuopa kuti angadzaze mimba ndi madzi n'kukana bere. Madziwo akhale owiritsa ndi osungidwa movindikira. Tonse tikukumbukira kolera amene anabuka mumzinda muno mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la Heroes Stadium linasandutsidwa malo ochizira odwala mu Januwale 2024, ndipo sitikufuna kuti pothetsa kudzimbidwa muitane matenda otsegula m'mimba. Mukamaliza kumusambitsa madzi ofunda, mugonekeni chagada n'kumusisita pamimba mofatsa, kuyambira m'munsi cha kudzanja lake lamanja, kukwera, kudutsa pamwamba pa mchombo, n'kutsikira kumanzere, poti ndi mmene matumbo aakulu anayendera. Kenako mupinde ndi kutambasula miyendo yake mosinthanasinthana. Kumulola kugaagaa ndi kukwawa pamphasa kumathandizanso kuposa kumuberekera kumbuyo tsiku lonse.

Tibwerere kwa apongozi. N'zoona kuti sopo amatulutsa chimbudzi, ndipo n'chifukwa chake njirayi yakhala ikupatsiridwa kuchokera kwa amayi kupita kwa ana awo. Koma amatero poyabwa ndi kuwotcha khungu lanthete la m'kati, ndipo kachidutswa kosongokako kangathe kung'amba malo amene chimbudzi chouma chawapweteka kale. Mwana amene wamva ululu wotere amakaniza kwambiri mawa lake. N'chimodzimodzinso kulowetsako chala kapena kamtengo, kumupopera madzi, kumumwetsa mafuta a nsatsi, kapena kumugawirako mankhwala otsegula m'mimba a akuluakulu. Apongozi anu akufunira mdzukulu wawo zabwino, choncho musakangane nawo. Apempheni kuti akuperekezeni kusikelo kuti akamve okha kuchokera kwa anamwino, ndipo ntchito yosinja nsinjiro ndi masamba muwapatse iwowo. Mukasintha zakudya kwa mlungu umodzi koma osaona kusintha, pitani naye kuchipatala.

FUNSO: Mwana wathu wamkazi wa miyezi 8 akuchita chimbudzi chonunkha kwambiri, tsiku lina chobiriwira, tsiku lina chachikasu. Dzulo ndinaona timaulusi takuda m'thewera, komanso makoko a nyemba osagayika. Ine ndikuganiza kuti ndi njoka za m'mimba ndipo ndikufuna kukagula mankhwala kufamase, koma mayi ake akukana. Ndani akulondola? (Bambo wa ku Matero)

YANKHO: Bambo, akulondola ndi mayi a mwanayo, ngakhale tikuyamikeni chifukwa si abambo ambiri amene amayang'ana m'thewera. Afunseni ngati mwanayo anadya nthochi dzana kapena dzulo, chifukwa timaulusi takuda kapena tofiirira timeneti nthawi zambiri timachokera pakati pa nthochi, ndipo mukatiyang'anitsitsa sitiyenda. Njoka za m'mimba zimakhala zoyererako, ndipo zikangotuluka kumene nthawi zambiri zimagwedezeka. Makoko a nyemba, khungu la tomato ndi timasamba zimatuluka chonchi chifukwa mwana sanayambe kutafuna bwino ndiponso chakudya chimadutsa mofulumira m'matumbo mwake; sizitanthauza kuti sakupindula ndi chakudyacho, kungoti muzinyenya kwambiri.

Fungo nalo lisakudabwitseni. Tizilombo tabwino ta m'matumbo a mwana woyamwa bere lokha timasiyana ndi ta mwana amene wayamba kudya mazira, nyemba ndi kapenta wosinja, ndipo fungo limasintha pa chifukwa chimenechi. Masamba amabiriwitsa chimbudzi, pamene maungu, kaloti ndi papaya zimachipatsa mtundu wachikasu. Mitundu yoopsa ndi itatu yokha. Chimbudzi choyera kapena chotuwa, makamaka maso akakhala achikasu ndi mkodzo woderako, chimasonyeza kuti ndulu sikufika m'matumbo. Chakuda bii ndi chomata chingasonyeze magazi ochokera m'mimba, pokhapokha ngati mwana akumwa mankhwala oonjezera magazi a ayironi, amene amadetsa chimbudzi. Chachitatu ndi chofiira magazi. Zitatuzi n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala a njoka amayamba kuperekedwa kwa ana onse akakwanitsa miyezi 12, ndipo mudzawapeza kusikelo kapena pa mlungu wa zaumoyo wa ana, umene umachitika kawiri pachaka. Mwana wa miyezi 8 musamumwetse popanda kupimidwa. Ngati mukukayikabe, kulungani theweralo m'pulasitiki mukawaonetse achipatala.

FUNSO: Ndikulera mdzukulu wanga wa miyezi 9 masana onse chifukwa mayi ake anabwerera kuntchito m'tauni. Amamwa mkaka wa m'chitini, ndipo poona kuti sakukhuta ndimaonjezera kasupuni kamodzi pa muyeso, nthawi zina ndimathira kaphala m'botolo momwemo. Chitini chikatha timagula mkaka wa ng'ombe. Tsopano chimbudzi chake n'cholimba kwambiri. Anzanga akutchalitchi akuti ndimunyambititse uchi kapena ndimumwetse tiyi wopepuka. (Agogo a ku Chawama)

YANKHO: Agogo, ntchito imene mukugwirayi ndi yaikulu, ndipo tikhulupirira kuti simukhumudwa tikanena kuti kasupuni koonjezerako ndi kamene tikukakayikira poyamba. Mkaka wa m'chitini anauyeza kuti ufa ndi madzi zilingane ndi zimene impso ndi matumbo a khanda zingathe kupirira. Ufa ukachuluka, thupi la mwana limasowa madzi, chimbudzi chimauma, ndiponso impso zimalemedwa. Tsatirani muyeso wolembedwa pachitinipo: muyambe mwathira madzi owiritsa, kenako ufa, pogwiritsa ntchito kasupuni ka m'chitini chomwecho, kosaunjika ndi kosatsendera. Phala lisamalowe m'botolo. Ngati mwana sakukhuta, pa miyezi 9 yankho lake ndi chakudya cha pambale katatu kapena kanayi patsiku, ndi kachipatso pakati.

Mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa, ndipo ana ena umawaumitsa m'mimba, makamaka akamamwa wochuluka. Tikudziwa kuti zitini ndi zodula, choncho kambiranani ndi anamwino kusikelo za muyeso woyenera m'malo mosinthasintha mkaka mwezi uliwonse. Ngati mayi ake akadali ndi mkaka, aziyamwitsa m'mawa asananyamuke, madzulo akafika ndi usiku wonse, komanso azikama wina m'kapu yoyera yovindikira n'kukusiyirani. Mkaka wokama umakhala bwino pafupifupi maola 4 pamalo ozizirira m'nyumba, ndipo m'firiji umatha masiku angapo, ngakhale magetsi akamazimazima firiji si yoidalira kwenikweni.

Uchi ndiye ayi ndithu, mpaka mwana atakwanitsa chaka. Mu uchi mumatha kupezeka mbewu za tizilombo totchedwa Clostridium botulinum, timene sitivuta munthu wamkulu koma m'matumbo a khanda timamera n'kutulutsa poizoni wofooketsa minofu. Chomvetsa chisoni n'chakuti chizindikiro choyamba cha matendawa nthawi zambiri chimakhala kudzimbidwa komweko, kenako kuyamwa mofooka, kulira motsika mawu ndi kulobodoka kwa khosi. Tiyi nayenso sathandiza, ndipo amalepheretsa thupi kutenga ayironi m'zakudya. Anzanuwo muwathokoze, koma mdzukuluyo mumupatse papaya, maungu ndi madzi owiritsa monga tafotokozera m'yankho loyamba lija.

FUNSO: Wanga ali ndi miyezi 4 ndipo amayamwa bere lokha, koma watha masiku asanu osachita chimbudzi. Sakulira, akuyamwa bwino. Anzanga akuti m'mimba mulibe kanthu, ndiyambe kumupatsa phala ndi madzi. (Mayi wa ku Kaunda Square)

YANKHO: Musayambe, mayi. Mwana woyamwa bere lokha akapitirira milungu 6 amatha kukhala masiku angapo, ngakhale mlungu wathunthu, osachita chimbudzi, chifukwa mkaka wa m'mawere umagayika pafupifupi wonse. Ngati akukodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo patsiku, mimba yake ndi yofewa, akutulutsa mpweya, sakusanza ndipo sikelo ikukwera, dikirani. Chikadzabwera chidzakhala chambiri ndi chofewa. Akamafiira nkhope ndi kubuula kwa mphindi zingapo kenako n'kutulutsa chofewa, ndiye kuti akuphunzira kumene kukankha ndi kumasula minofu pa nthawi imodzi. Phala ndi madzi zidikire miyezi 6. Malangizo amenewa sakukhudza khanda la masiku ochepa, limene likapanda kuchita chimbudzi liyenera kuonedwa kuchipatala mwamsanga.

FUNSO: Mwana wanga wa miyezi 10 wakhala akudzimbidwa kuyambira pamene anayamba phala. Ndasintha zakudya koma sizikutheka, ndipo sabata yatha ndinaona kamzere ka magazi pachimbudzi chake. Kodi ndi liti pamene munthu ayenera kusiya zoyesayesa za pakhomo? (Mayi wa ku Kanyama)

YANKHO: Kwa inu, mayi, nthawiyo yakwana kale. Kamzere ka magazi ofiira pamwamba pa chimbudzi cholimba kawirikawiri kamachokera pa kachilonda kong'ambika kotulukira chimbudzi, ndipo kamapola kokha chimbudzi chikayamba kufewa. Komabe magazi alionse m'thewera ayenera kuonedwa ndi achipatala, ndipo kudzimbidwa kwa miyezi inayi sikungathe ndi papaya yekha. Yambirani pakiliniki ya kwanuko kapena pachipatala cha Kanyama, ndipo akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku chipatala cha ana cha University Teaching Hospital (UTH).

Mutenge khadi la kusikelo, ndipo mukonzekere funso limene ambiri limawadzidzimutsa: kodi mwanayo atabadwa, chimbudzi choyamba chakuda chija chinatuluka pasanathe maola 48? Amafunsa chifukwa cha matenda otchedwa Hirschsprung, amene mwana amabadwa nawo, pafupifupi mmodzi mwa ana 5,000 alionse, makamaka aamuna. Kachigawo ka kumapeto kwa matumbo kamakhala kopanda minyewa yochititsa kuti matumbo azikankha chimbudzi, ndipo mwa ana ena vutoli limabisala nthawi yonse imene akuyamwa bere lokha n'kudzaonekera phala likayamba, mimba ikutupa ndi thupi losakwera. Amachiza ndi opaleshoni. Adzafufuzanso ngati chithokomiro chikugwira ntchito mokwanira ndiponso ngati mkaka wa ng'ombe ukumuyanja. Musataye mtima, chifukwa ana ochuluka kwambiri odzimbidwa sawapeza ndi matenda amenewa.

Akakulemberani mankhwala ofewetsa chimbudzi monga lactulose, mumumwetse pa muyeso ndi kwa nthawi yonse imene akuuzani, ngakhale itakhala milungu kapena miyezi. Makolo ambiri amasiya tsiku limene mwana wachita bwino koyamba, ndipo vuto limabwerera chifukwa matumbo amene anatanuka sanabwerere mwakale ndiponso mwana sanaiwale ululu uja. Mudziwenso kuti mwana wodzimbidwa kwa nthawi yaitali amatha kudontha chimbudzi chamadzi chimene chimalambalala chouma chija, ndipo mukachiyesa kutsegula m'mimba n'kusiya mankhwala, mumakulitsa vuto. Kutsegula m'mimba kwenikweni, kumene mwana amachita chamadzi katatu kapena kuposa patsiku, musakunamizire mano. Kumafuna ORS (madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi), mankhwala a zinc kwa masiku 10 mpaka 14, ndi kupitiriza bere.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Mwana akamasanza zobiriwira, mimba itatupa ndi kulimba, akakana kuyamwa, akatentha thupi, akafooka kapena liwombo likalowa m'kati, nyamukani nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso akamalira mwadzidzidzi mokuwa, atakokera miyendo pamimba, n'kukhala chete kwa mphindi zingapo ali wotumbuluka, kenako n'kuyambiranso, mwina n'kutulutsa zonanda zosakanikirana ndi magazi. Zimenezi zingatanthauze kuti thumbo lalowa m'kati mwa linzake, vuto limene limagwira kwambiri ana osakwana zaka ziwiri, ndipo likafulumiridwa nthawi zina amalikonza popanda opaleshoni. Mwana wotere musamusisite pamimba kapena kumumwetsa mankhwala alionse. Pezani galimoto mupite naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.